Lee Miller: Chiphadzuwa chimene chidatopa kujambulidwa n'kudzitengera kamera

Ngati mudaonera filimu yotchedwa Lee, imene idatuluka mu 2024, Kate Winslet atavala yunifomu ya asilikali a ku America, ndudu ili kukamwa kamera ikulendewera pamimba, ndiye kuti dzina la Lee Miller si lachilendo kwa inu. Ngati simudaionere, mwina mudakumanapo ndi chithunzi china chimene chimayendayenda pa Facebook ndi Instagram: mayi ali m'bafa akudzitsuka paphewa, jombo zake zamatope zili pakansalu koyera kopondapo, m'mphepete mwa bafalo mwatsamira chithunzi cha mwamuna wa kandevu ka pansi pa mphuno. Bafalo ndi la Adolf Hitler, m'nyumba yake ya ku Munich. Tsiku lake ndi 30 Epulo 1945, lomwelo limene Hitler adadzipha ku Berlin. Matope a pajombozo adachokera ku Dachau, ndende yozunzirako anthu imene mayiyu adalowamo m'mawa wa tsiku lomwelo.

Chimene ambiri ogawana chithunzichi satchula n'chakuti mayi wa m'bafayo adafika ku Munich atatumidwa ndi Vogue, magazini ya madiresi, zipewa ndi zodzoladzola. Ntchito imene adamulembera idali yojambula mafashoni. Ndiye taonani tsoka lake: munthu amene adasiya zithunzi zankhaninkhani zojambula yekha, lero akudziwika kwambiri ndi chithunzi chimene adamujambula mwamuna wina, iye ali wosavala. Nkhondo yofuna kuchoka kutsogolo kwa kamera n'kukaima kumbuyo kwake adaimenya moyo wake wonse, ndipo zikuoneka kuti mpaka pano siidathe.

Adabadwa pa 23 Epulo 1907 m'tauni ya Poughkeepsie, m'chigawo cha New York, ndipo dzina lake lenileni lidali Elizabeth. Bambo ake, Theodore Miller, adali injiniya wokonda makamera, ndipo ndiwo adayamba kumuonetsa mmene zithunzi zimatsukidwira. Koma ubwana wake udali ndi bala limene banjalo lidakwirira. Ali ndi zaka 7 adagwiriridwa pamene ankakhala kwa anzawo a banjalo ku Brooklyn, ndipo adapatsiridwa chinzonono. Nthawiyo penisilini kudalibe, choncho kamwanako kadapirira chithandizo chowawa kwa nthawi yaitali. Nkhaniyi adaitsekera mumtima mpaka imfa, moti mwana wake yemwe adadzaimva kwa amalume ake, mayi ake atamwalira kale. Pali chinanso chovuta kumeza. Bambo akewo ankamujambula ali maliseche, kuyambira ali kamtsikana mpaka atakula. Olemba mbiri yake amatsutsana pa zimenezi, ena n'kumati zidali za luso chabe. Ine ndikuti bambo wotere lero akadakayankha mafunso kupolisi, ndipo zikadakhala zomuyenera.

Kusukulu ankangomuchotsa chifukwa cha makani ndi zibwana zopyola muyezo. Ali ndi zaka 18 adapita ku Paris kukaphunzira kakonzedwe ka magetsi ndi zovala za pasiteji ya zisudzo, koma patangotha miyezi ingapo adabwerera kwawo. Mmene adalowera m'magazini zimamveka ngati nthano, komabe umo ndi mmene zimakambidwira: tsiku lina ku Manhattan adatsala pang'ono kugundidwa ndi galimoto, bambo wina n'kumukokera kumbali. Bamboyo adali Condé Nast, mwini wake wa Vogue. Pa 15 Malichi 1927 nkhope ya Lee idali pachikuto cha magaziniyo, yojambulidwa pamanja ndi Georges Lepape, atavala chipewa cha buluu ndi mikanda m'khosi. Tsitsi lalifupi, khosi lalitali, maso osachita manyazi: ameneyu ndiye mtsikana amene nyengo ija inkafuna. Akatswiri onga Edward Steichen ndi Arnold Genthe ankasinthana kumujambula.

Kutchuka konseko kudagwa ndi chithunzi chimodzi. Steichen adamujambula atavala diresi lokongola, chithunzicho n'kugulitsidwa ku kampani ya Kotex, yopanga mapadi a amayi akakhala kumwezi. Mu 1928 chidayamba kutuluka m'magazini osiyanasiyana ngati chotsatsira malonda, mwini nkhope asadafunsidwe n'komwe. Aka kadali koyamba kuti malonda a mtunduwu aonetse chithunzi cha mkazi weniweni, ndipo masiku amenewo nkhani ya msambo idali yosatchulika pagulu. Makampani a zovala adayamba kumuzemba. Aliyense amene adadzukapo m'mawa n'kupeza chithunzi chake chikuzungulira m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo akudziwa mmene zimaswera mtima. Zimene Lee adachita pambuyo pake zikuonetsa kuti adaona pamene pagona mphamvu. Woimirira kutsogolo kwa kamera amalipidwa tsiku limodzi basi, chithunzi chimatsala m'manja mwa amene wadina batani.

Mu 1929 adabwerera ku Paris n'kukadziponya kwa Man Ray, wojambula wa ku America amene adali m'gulu la aluso otchedwa Surrealists, anthu okonda kusakaniza zenizeni ndi za kumaloto. Man Ray sankalandira ophunzira, koma Lee adakakamira mpaka adakhala wophunzira wake, womuthandiza, modelo wake komanso chibwenzi chake. Kwa zaka zitatu ankagwirira ntchito limodzi moti lero akatswiri amakanda mitu kuti asiyanitse zithunzi za awiriwa. Ntchito zina za mafashoni zimene zidatuluka m'dzina la Man Ray adajambula ndi Lee, mwini dzinayo ali kalikiliki ndi penti. M'chipinda chamdima chotsukira zithunzi ndimo mudachitika ngozi imene idadzatchuka. Malinga ndi mmene Lee ankafotokozera, kanthu kena, mwina khoswe, kadamuyenda paphazi, iye n'kuyatsa getsi mwamantha filimu idakali m'mankhwala. M'malo moonongeka, zithunzizo zidatuluka ndi kamzere kakuda kozungulira thupi la munthu, ngati wina wachita kulemberera ndi pensulo, malo ena akuda atasanduka owala. Asayansi ankadziwa kale kuti filimu imatha kuchita zotere, koma awiriwa ndiwo adazisandutsa luso, lotchedwa solarisation. Inu lero mumangosankha fyuluta pafoni. Iwo ankayerekeza masekondi mumdima, manja ali m'mankhwala. Kwa zaka zambiri ulemu wa njirayi unkapita kwa Man Ray yekha.

Pasadathe nthawi Lee adatsegula situdiyo yakeyake ku Montparnasse, kwinaku akugwira ntchito ku Vogue ya ku France pansi pa George Hoyningen-Huene, katswiri wa kaikidwe ka magetsi. Kumeneko ankachita zonse ziwiri: lero avale diresi ajambulidwe, mawa agwire kamera ajambule anzake. Apa mpamene padagona mwayi wake woposa amuna a ntchitoyi. Ankadziwa mmene khosi limaumira ukaima mphindi zambiri osasuntha, mmene magetsi a m'situdiyo amaotchera, ndi mmene zimamvekera anthu akamakambirana za thupi lako iwe uli pompo ngati katundu wa pamsika. Maganizo ake pankhaniyi amaonekera pa chithunzi china choopsa cha nthawi yomweyo. Ankajambulanso maopaleshoni pachipatala china, ndiye tsiku lina adatenga bere la mayi limene madokotala adadula, n'kuliika m'mbale, pambali foloko ndi mpeni, n'kujambula. Amuna a gulu la Surrealists ankakonda kujambula matupi a akazi opanda mitu, ziwalo zokhazokha. Lee adawaonetsa mmene chiwalo chodulidwa chimaonekera zenizeni. Chithunzichi sichidasindikizidwe iye ali moyo.

Man Ray adali wansanje, ndipo Lee sadali munthu womangika. Mu 1932 adalongedza n'kubwerera ku New York. Mwamunayo, mtima utasweka, adadula diso la Lee pachithunzi n'kulimata pa kachipangizo kamene oimba amasungira kagundidwe ka nyimbo, n'kulemba malangizo akuti kaphwanyidwe ndi hamala. Anthu a zaluso amachitamanda chinthuchi mpaka lero. Mtsikana wa masiku ano ataona bwenzi lake lakale likuchita zotere, ndikhulupirira angalibuloke pa nambala zonse.

Ku New York adatsegula situdiyo ndi mchimwene wake wamng'ono Erik, chuma cha America chili pansi chifukwa cha kugwa kwa msika mu 1929. Ngakhale zidali choncho, makasitomala adabwera: makampani a zodzoladzola a Elizabeth Arden ndi Helena Rubinstein, sitolo yaikulu ya Saks Fifth Avenue, ochita zisudzo ndi ena otero. Julien Levy, mwini nyumba yoonetsera zaluso, adamukonzera chionetsero cha zithunzi zake zokha. Tisaiwale kuti sadali yekha panjirayi. Toni Frissell ankatulutsa mamodelo a Vogue m'situdiyo n'kukawajambula panja akuthamanga ndi kusambira. Louise Dahl-Wolfe adalowa ku Harper's Bazaar mu 1936, n'kukhalako zaka 22 ndi kujambula zikuto 86. Ku Berlin kudali mayi wina wa Chiyuda wodziwika ndi dzina loti Yva, amene adaphunzitsa ntchito Helmut Newton akadali mnyamata. Yva ameneyu a chipani cha Nazi adamulanda situdiyo, ndipo mu 1942 adamutengera kundende n'kumupha. Dzinali mulisunge, poti ndende zonga zimenezo Lee adadzaziona ndi maso ake.

Mu 1934, bizinesi ili bwinobwino, adatseka situdiyo n'kukwatiwa ndi Aziz Eloui Bey, mpondamatiki wa ku Egypt, n'kusamukira ku Cairo. Moyo wa akazi a anthu olemera, womangomwa tiyi ndi kusewera makadi, udamutopetsa msanga. Adayamba maulendo a m'chipululu, ndipo kufupi ndi Siwa mu 1937 adajambula chithunzi chotchedwa Portrait of Space: neti ya pawindo yong'ambika pakati, kuseri kwake mchenga ndi thambo lopanda malire. Munthu safunika digiri ya zaluso kuti aone kuti wojambulayo ankafuna potulukira. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chaka chomwecho adapita kutchuthi ku Paris n'kukumana ndi Roland Penrose, wojambula ndi penti wa ku Britain. Adakacheza limodzi kwa Pablo Picasso kum'mwera kwa France, kumene Picasso adajambula Lee ndi penti kasanu n'kamodzi. Iyenso adabweza: pa moyo wake adajambula Picasso zithunzi zoposa 1 000. Mu 1939 adasiya Cairo n'kupita kwa Penrose ku London, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kuyamba.

Ofesi ya kazembe wa America idalangiza nzika zake kuti zibwerere kwawo. Lee adakana. Adapita ku Vogue ya ku Britain kukapempha ntchito, koma poyamba sadamulabadire, moti adayamba ngati wongothandiza m'situdiyo. Amuna ojambula atayamba kuitanidwa kunkhondo, mu 1940 adamulemba, ndipo posakhalitsa zithunzi zambiri za mafashoni m'magaziniyo zidali zake. Mkonzi wake adali Audrey Withers, mayi wodekha amene adaona kuti magazini ya zovala ikhoza kukamba zazikulu.

Zaka zimenezi ndizo ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene luso lake la mafashoni lidakhwima, komanso ndi zimene filimu ija idadutsa mothamanga. Taganizani: mukujambula madiresi mumzinda umene ndege za Germany zikuponyamo mabomba usiku uliwonse. Kuyambira pa 7 Seputembala 1940 London idaphulitsidwa mausiku 57 otsatizana. Mapepala osindikizira adali operewera. Pa 1 Juni 1941 boma lidakhazikitsa makuponi ogulira zovala: munthu wamkulu ankalandira 66 pachaka, diresi limodzi n'kudya 11, nsapato za amayi 5, masokosi aatali 2. Chaka chotsatira adatsitsa kufika pa 48. Ndalama ukhale nazo, popanda kuponi sugula. Boma lidaletsanso kuononga nsalu ndi matumba ambirimbiri, mabatani owonjezera ndi mapindiro osafunikira. Ndiye wojambula mafashoni agulitse chiyani?

Lee adagulitsa mtima wosagonja. Ankatenga mamodelo n'kukawaimika panja, pamiyala ya nyumba zogumuka, m'misewu, pafupi ndi matayala ndi mapaipi ozimira moto, atavala masuti osavuta a nthawi ya nkhondo koma ataima ngati mafumu. Ankagwiritsanso ntchito nzeru zimene adatola ku Paris: mithunzi yachilendo, zithunzi ziwiri pa filimu imodzi, solarisation ija pa zovala zamkati, kuti chovala chotchipa chioneke chamtengo. Chithunzi chake chotchuka cha 1941 chikuonetsa atsikana awiri atakhala pakhomo la dzenje lobisaliramo mabomba kunyumba ya Penrose ku Hampstead, kumaso atavala zophimba zodzitetezera ku moto. Wina angati ndi chithunzi cha mafashoni, wina angati ndi cha nkhondo, ndipo onsewo akhoza. Chimakuseketsa kaye, kenako chimakuzizira m'mimba. Boma litadandaula kuti tsitsi lalitali la amayi ogwira ntchito m'mafakitale likukodwa m'makina, Vogue idayamba kuonetsa tsitsi lalifupi ngati fashoni yatsopano. Kunena zoona, mbali ina ya ntchitoyi idali uthenga wa boma wovekedwa diresi, ndipo Withers ankagwirizana ndi unduna wofalitsa nkhani. Koma uthengawo unkapita kwa amayi amene ankasoka mayunifomu, kuyendetsa maambulansi ndi kuzima moto, ndipo Lee ankawajambula ngati anthu a ntchito, mwaulemu.

Akaweruka ankayenda ndi kamera m'mabwinja a London. Zithunzi zake zina zidalowa m'buku la Grim Glory la 1941, limene lidakonzedwa kuti anthu a ku America aone zimene Britain ikukumana nazo. Mudali taipi yophwanyika, komanso tchalitchi chimene njerwa zikukhuthukira pakhomo ngati mpingo ukutuluka m'mapemphero.

Komabe zipewa zidayamba kumukwana. Asilikali a Britain sankalola amayi ojambula kupita nawo kunkhondo, koma poti iye adali nzika ya America, mu Disembala 1942 adalandira chilolezo chokhala mtolankhani wa nkhondo pansi pa asilikali a dziko lakwawo. Amene adamulimbikitsa adali David E. Scherman, wojambula wa magazini ya Life, yemwe adadzakhala mnzake wa paulendo. Mu Julayi 1944 Lee adafika ku Normandy kukalemba za manesi a pachipatala cha m'matenti, ndipo adatumiza zithunzi pamodzi ndi nkhani yolemba yekha. Apa mpamene Vogue idazindikira kuti mayiyu amathanso kulemba. Mwezi wotsatira adamutumiza ku Saint-Malo poganiza kuti mzindawo walandidwa kale. Adapeza nkhondo ili mkati. Lamulo linkaletsa atolankhani aakazi kufika pamene zipolopolo zikulira, koma iye adakhala pompo masiku angapo, n'kujambula ndege zikuponya mabomba a napalm, amene nthawiyo adali achinsinsi. Zithunzizo akuluakulu a asilikali adazitsekereza, iyeyo n'kumusunga m'nyumba kwa masiku angapo ngati chilango.

Paris itamasulidwa kumapeto kwa Ogasiti 1944, Withers adafuna kudziwa zimene aliyense wowerenga Vogue ankafuna kudziwa: kodi akazi a ku Paris avala chiyani? Lee adabwereranso ku mafashoni, jombo za usilikali zili kuphazi. Adajambula atsikana ali panjinga masiketi akuuluka, poti petulo kudalibe. Adajambula saluni ina yotchedwa Gervais imene inkaumitsa tsitsi la makasitomala ndi mphamvu ya amuna opalasa njinga m'chipinda chapansi, thukuta lili kamukamu, pamwamba amayi akuwerenga magazini. Amene mudasiyidwapo ndi theka la mutu musaluni magetsi atazima, nzeru ija ndi imeneyo. Koma zovala za ku Paris zidakwiyitsa anthu ku London ndi ku New York. Iwo akhala akuwerenga makuponi, pamene ku France madiresi ndi a nsalu zambirimbiri, zipewa zitalizitali. Lee adawateteza polemba kuti kuononga nsalu kudali kunyoza adani, poti chilichonse chosungidwa chikadapita ku Germany. Mfundoyi ili ndi choona chake, koma siikwanira. Nyumba zina zosoka zovala zapamwamba zinkagulitsa kwa akazi a akuluakulu a asilikali a Germany ndi kwa anthu amene adalemera pogwirizana ndi adaniwo. Pamenepa ndimaona kuti chikondi chake pa Paris chidamuphimba diso limodzi.

Kenako adatsatira asilikali kulowa mu Germany. Kamera yake idali Rolleiflex, yogwirira pamimba n'kumayang'ana pansi, yojambula zithunzi 12 zokha pa filimu imodzi, ndiponso yosakoka zinthu zakutali. Kuti ujambule chinthu, umayenera kuchiyandikira. Ku Buchenwald, ndende imene idamasulidwa pa 11 Epulo 1945, adajambula milu ya mitembo ndi alonda amene akaidi adawamenya. Ku Leipzig adajambula mtsikana, mwana wa mkulu wina wa mzindawo, amene adamwa poizoni limodzi ndi makolo ake, atatsamira pampando ngati wagona tulo. Chithunzichi n'chokongola mochititsa mantha, ndipo kuwala kwake n'kwa munthu amene adaphunzira ntchito pojambula madiresi. Ku Dachau kudali sitima yodzaza mitembo ya akaidi oposa 2 000. Lee adakwera m'bogi kuti ajambule asilikali a America akuyang'ana mkatimo. Madzulo ake ndi pamene iye ndi Scherman adalowa m'nyumba ya Hitler n'kusinthana kusamba ndi kujambulana. Chithunzi cha Scherman, amene adali Myuda, ali m'bafa lomwelo chiliponso, ndipo adajambula ndi Lee, koma ndi angati adachionapo?

Zithunzi za kundende adazitumiza ndi uthenga wochonderera mkonzi wake kuti akhulupirire kuti zimenezi n'zoona. Ankadziwa kuti anthu adzati n'zopeka, ndipo mpaka lero alipo amene amatero. Vogue ya ku America idazisindikiza mu Juni 1945, m'magazini momwemo mmene mudali zovala za nyengo yotentha ndi malonda a zodzoladzola. Ya ku Britain idangosindikizako pang'ono, poganiza kuti anthu otopa ndi nkhondo akufuna nkhani za chipambano. Mayi wa ku Chicago kapena Boston amene adagula magaziniyo kuti asankhe diresi adakumana ndi ng'anjo zootchera mitembo. Ena angati malowo sadali oyenera. Ine ndikuona kuti adali oyenera kwambiri, poti uthengawo udafika kwa anthu amene sakadaufunafuna okha.

Nkhondo itatha iye sadathe kuima. Adapita ku Vienna kumene adajambula makanda akufa m'chipatala chosowa mankhwala, kenako ku Budapest kumene mu Januwale 1946 adajambula kuphedwa kwa László Bárdossy, nduna yaikulu yakale ya Hungary, ataimikidwa kutsogolo kwa mfuti. Atabwerera ku London adali munthu wina. Ukwati wake ndi Aziz udatha mwamtendere, mu 1947 adakwatiwa ndi Penrose, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 40, adabereka mwana wake yekhayo, Antony. Mu 1949 banjalo lidagula Farley Farm ku Chiddingly, m'dera la East Sussex. Vogue inkamupatsabe ntchito za zipewa ndi zikwama, koma munthu amene waona Dachau umuuze kuti adandaule za kutalika kwa siketi? Nkhani iliyonse ankailemba mochita kudzikoka, botolo lili pambali. Nkhani yake yaikulu yomaliza m'magaziniyo idatuluka mu 1953, ya zithunzi zoseketsa za alendo otchuka akugwira ntchito za pafamu iye ali gone pasofa.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kunja adali mayi wa pafamu yokongola, wolandira alendo onga Picasso, Max Ernst ndi Henry Moore, ndipo mwamuna wake atapatsidwa ulemu ndi Mfumukazi mu 1966 iye adakhala Lady Penrose. Mkati adali ndi matenda amene lero madokotala amawadziwa bwino, ovutika maganizo chifukwa cha zoopsa zimene munthu adaona, kuphatikizapo kukhumudwa ndi uchidakwa. Nthawiyo chithandizo chake chidali kuuzidwa kuti ulimbe mtima. Mwana wake wakhala akufotokoza poyera kuti adakula akumudziwa ngati mayi waukali ndi woledzera, amene adamusiya m'manja mwa wolera ana, ndipo adadzagwirizana patatsala nthawi yochepa kuti amwalire. Zimenezi siziyenera kubisidwa pofuna kumukometsa. Chimene chidamuthandiza kudzuka chidali kuphika. Adakaphunzira kusukulu ya Cordon Bleu, adasonkhanitsa mabuku a zophikaphika oposa 2 000, ndipo ankadabwitsa alendo ndi supageti ya buluu ndi nkhuku yobiriwira. Anthu akamufunsa za zithunzi zake zakale ankazemba, n'kumati zidatayika kapena zilibe ntchito. Adamwalira ndi khansa pa 21 Julayi 1977 ali ndi zaka 70, ndipo phulusa lake adalimwaza m'munda wa pafamupo.

Zikadathera pomwepo, bwenzi lero akutchulidwa m'mabuku ngati chibwenzi cha Man Ray ndi mkazi wa Penrose, basi. Koma atamwalira, mpongozi wake adakwera kudenga la nyumba kukafuna zithunzi za Antony ali khanda, n'kupeza makatoni. Mudali manegetivu pafupifupi 60 000, zithunzi zotsuka kale, makalata, ndi nkhani zotaipa, kuphatikizapo ya ku Saint-Malo ija. Antony adaiwerenga osakhulupirira kuti adalemba ndi mayi ake omwe aja. Adayamba kusanja zonsezo, ndipo mu 1985 adatulutsa buku la The Lives of Lee Miller, limene filimu ya Winslet idachokerako. Nyumba yosungira zaluso ya Victoria and Albert ku London idachita chionetsero chachikulu cha ntchito zake mu 2007, ndipo ya Tate Britain idatsegula china mu Okutobala 2025.

Chondidandaulitsa n'chakuti pamene dzina lake labwerera, ambiri akuthamangira ku nkhondo ndi kubafa kuja, ngati kuti zaka za madiresi zidali zongotayitsa nthawi asadayambe ntchito yeniyeni. Yang'anani bwino zithunzi zake za ku Germany muone mmene adaikira munthu pakati pa chithunzi, kumene kuwala kukuchokera, mmene nsalu ya yunifomu yapindikira. Diso limenelo lidasulidwa m'situdiyo za Vogue. Ndipo wojambula aliyense wa lero amene amatenga modelo n'kukamuimika pagalaja, pamsika kapena panyumba yosatha kumanga m'malo mwa kansalu koyera ka m'situdiyo, akuyenda m'njira imene Lee ndi amayi anzake aja adalambula.

Nyumba ya ku Chiddingly ikadalipo, ndipo pa miyezi ina ya chaka imatsegulidwa kuti alendo aione. Antony ndi mwana wake wamkazi ndiwo amayang'anira zithunzizo. Kukhitchini, pamwamba pa chitofu chimene Lee ankaphikira nkhuku yobiriwira ija, pakhoma padamatidwa thailosi imene Picasso adaijambula ndi dzanja lake.